Mapiritsi Awiri Madzulo

Lachitatu, pa 5

Kope ili andipatsa anesi. Ati ndizilembamo madzi amene ndamwa ndi maulendo amene ndapita kokodza. Masamba ndi ambiri, ndiye ndizilembamonso zina, chifukwa mutu wanga ukutaya zinthu ngati thumba lobooka. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndiponso dzanja likunjenjemera. Zilembo zikakhota, zikhote.

Ati anandigoneka Lolemba. Ine chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinali pa makina, ndikusoka siketi ya eni ake. Ndinaimirira kuti nditenge sizasi, pansi panapendekeka. Kenako amuna anga ankandifunsa dzina langa. Ine ndinaseka, ndati mwaiwala dzina la mkazi wanu? Iwo akuti sindinaseke. Akuti mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera, ndipo ndinali nditasanza kawiri.

Bedi 7, pafupi ndi zenera. Diripi kudzanja lamanzere. Madzi makapu asanu. Kokodza katatu, kapena kanayi.

Lachinayi, pa 6

Ndafunsa anesi kawiri ngati ino ndi wodi ya odwala maganizo. Ati ayi. Nditafunsa kachitatu anayankha ndi mayi wa pabedi 8, wodwala shuga, amene wodi yonse imamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa.

"Achemwali, muno ndi mwa ife odya zoletsedwa. A maganizo ali kuseri uko, ndipo ali ndi mipando yabwino kuposa ife."

Kuseri uko ndikudziwako. Ndinagonako kawiri. Matenda anga madokotala amati baipola, ine ndimati okwera ndi kutsika. Akakwera ndinkasoka masiku atatu osagona. Ulendo wina ndinadula makatani onse a m'nyumba, n'kukagawa nsalu za makasitomala kwa anthu odutsa pamsewu. Akatsika ndinkagona miyezi iwiri nditayang'ana khoma. Kenako anandipatsa lithiyamu, mapiritsi awiri madzulo. Papita zaka zisanu ndi zinayi osakwera, osatsika. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa nditamusokera ndekha diresi.

Dzulo lithiyamu sanandipatse. Lero sanandipatsenso. Ndawakumbutsa anesi, ati dokotala waletsa. Waletsa bwanji chinthu chimene anandiuza kuti ndisadzaphonye ngakhale tsiku limodzi?

Aliyense akudzikupiza ndi makatoni chifukwa cha kutentha. Ine ndavala juzi ndipo ndapempha bulangete lachiwiri.

Lachisanu, pa 7

Kwabwera dokotala wamng'ono, mtsikana wa magalasi. Amalankhula pang'onopang'ono. Ndamupempha kuti manambala andilembere m'kope muno.

Lithiyamu m'magazi tsiku lofika: 2.1. Lero: 1.3. Woyenera: asafike 1.
TSH: 48. Woyenera: asapitirire 4.

Ati ndinagwa chifukwa lithiyamu anachuluka m'magazi, n'chifukwa chake amuimitsa ndipo akunditsuka ndi diripi. Izo ndamva. Zinazo ndi zimene zandisokoneza. Anandimasula mpango wa m'khosi, n'kuima kumbuyo kwanga, n'kundigwira pakhosi ndi zala, ati mezani malovu. Ati muli ndi chotupa cha chithokomiro. Chithokomiro ndi kachiwalo ka pakhosi kamene kamayatsa moto wa thupi lonse. Changa chafooka, ndipo chachifooketsa ndi lithiyamu wa zaka zonsezi. Ati zimachitikira anthu ena omwa mankhwalawa, makamaka amayi.

Ndafunsa kuti ngati chafooka, nanga nambala yake yakwera bwanji mpaka 48? Ati nambalayo si ya chithokomiro, ndi ya ubongo umene ukuchikalipira kuti chigwire ntchito. Chikamagona kwambiri, ubongo umakuwa kwambiri.

Wailesi anati, "Ngati ine ndi amuna anga."

Dokotala anandifunsa kuti kuzizidwa kunayamba liti. Nanga tulo ta masana, kunenepa, tsitsi kuthothoka, kudzimbidwa, mawu kusasa? Ankatchula ngati anali m'nyumba mwanga. Ndati miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ati kukiliniki munawauza? Ndati ndinkawauza kuti ndili bwino. Ati mpangowu? Ndati ndimaukonda.

Ndiye kuti si matenda anga akale amene ankabwerera? Ndafunsa kawiri. Ati mwina ayi, chithokomiro chikafooka chimafanana kwambiri ndi kutsika kuja.

Atachoka ndinafunda kumutu.

Loweruka, pa 8

Piritsi latsopano, kakang'ono ngati kabatani ka malaya a khanda. Dzina lake thairokisini, 50. Kumwa m'mawa ndi madzi okha, kudikira theka la ola, kenako tiyi. Ndafunsa ngati kumeza malovu kukuswa lamulo. Anesi ati ayi, mayi.

Amuna anga abwera ndi nthochi ndi mazira owiritsa. Ndi kalipentala, utuchi unali m'tsitsi. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kundisendera dzira.

"Atelala, makasitomala anu akufunsa. Ndawauza kuti makina ali kugalaja."

"Amisiri, mwathirira maluwa?"

"Ndathirira."

"Chitseko chakuseri mukumakhoma?"

"Ndikumakhoma, ndikumabwereranso kukachigwedeza, monga mwa malamulo anu."

Dzira ndinadya theka.

Lamulungu, pa 9

Ndilembe pano, chifukwa kope silikalipa.

Sindinkamwa awiri. Kuyambira mwezi watha ndinkamwa atatu. Masiku khumi omaliza ndinkamwa anayi.

Nditayamba kugona masana, n'kumayang'ana nsalu osadziwa poyambira kudula, ndinati basi, kutsika kuja kwabwera. Ndinaganiza monga ndimaganizira pa ntchito. Msoko ukayamba kumasuka sudikira kuti chovala ching'ambike, umabwereza mzere wachiwiri pamwamba pa woyamba. Ndinawonjezera limodzi. Tulo sitinathe, manja anayamba kunjenjemera, ndinati matenda akula, ndinawonjezera lina. Mapiritsi analipo. Ine ndi mantha angawa ndimapita kukatenga mankhwala tsiku lisanakwane, ndiye otsala a zaka zambiri anaunjikana m'chitini cha mabatani.

Chifukwa chimene sindinauze munthu ndi ichi. Nditatuluka kuseri kuja kachiwiri, mankhwala ankasunga amuna anga, m'bokosi la zida, lokhoma ndi loko. Kiyi ankayenda naye m'thumba. Madzulo alionse ankanditsanulira awiri m'dzanja, ine n'kumeza, n'kutsegula pakamwa kuti aone. Zaka zinayi. Sankachita mwankhanza, koma ndinali ngati mwana m'nyumba yanga yomwe. Tsiku lina anangoika kabotolo pa makina anga n'kunena kuti, "Sungani nokha, atelala." Tsiku limenelo ndimalikumbuka kuposa la ukwati.

Ndikanena kuti ndinkamwa anayi, loko abwerera.

Lolemba, pa 10

Madzi makapu asanu ndi awiri. Diripi achotsa. Andipaka mafuta ozizira pakhosi n'kuyendetsapo kachipangizo kojambula. Ati chotupacho si choopsa, sachita opaleshoni. Ndayenda mpaka kubafa osagwira khoma.

Tsiku la chisanu ndi chiwiri popanda lithiyamu. Ndikumadzimvetsera ngati munthu womvetsera mbala. Ndikaseka nthabwala ya Wailesi ndimadzifunsa kuti kodi ndaseka mopitirira? Ndikakhala chete ndimadzifunsa kuti kodi ndayamba kutsika? Sindikudziwa kuti ndiziopa chiti.

Lachiwiri, pa 11

Kunabwera dokotala wamkulu, bambo wa imvi, ndi gulu lake. Amuna anga analipo. Wamkuluyo anawerenga mapepala nthawi yaitali.

Ati lithiyamu watsika kufika 0.2. Ati impso zinavutika pang'ono koma zabwerera. Ati chithokomiro chokha si chifukwa chosiyira lithiyamu, ambiri amamwa onse awiri, uyu ndi kakang'ono kaja. Mtima wanga unakhala pansi. Kenako anati chikumudetsa nkhawa ndi chinthu chimodzi. Ngati mapiritsi awiri okha anakwera kufika 2.1, ndiye kuti thupi langa silikuthanso kuwatulutsa bwino, ndipo kundibwezera kungakhale kundiika pa ngozi. Ati akambirana ndi dokotala wa maganizo, Lachinayi andiyambitsa mankhwala ena.

Ndafunsa ngati enawo amagwira ngati lithiyamu. Ati kwa ena amagwira, kwa ena amafunika kuyesa angapo. Kuyesa ndikukudziwa. Asanapeze lithiyamu anandiyesa mitundu itatu, ndipo makatani aja ndinadula ndili pa mtundu wachiwiri.

Anandiyang'ana. "Mayi, mumamwa angati?"

Ndisanatsegule pakamwa amuna anga anayankha. "Awiri madzulo, adokotala. Mayi awa akati awiri ndi awiri. Amawerenga ndi mabatani omwe. Pamenepo musakayike, ndingalumbire."

Dokotala analemba. Ine ndinayang'ana zala zanga.

Lachitatu, pa 12

M'mawa anesi agwira Wailesi. Shuga wake anakwera, iye n'kumalumbira kuti wangomwa tiyi wopanda kanthu. Anesi anangokweza pilo, pansi pake panali mabisiketi. Wodi yonse inaseka, iye anaseka kuposa tonse.

Anesi atachoka anatembenukira kwa ine. "Magazi ndi kazitape, achemwali. Unganamize mwamuna, unganamize abusa, koma magazi amakanena." Kenako anatsitsa mawu, koyamba chibwerereni ine. "Dzulo bambo akulumbira, inu munkapinda bulangete ngati mukufuna kulisoka. Pansi pa pilo wanu pali chiyani?"

Ndinamuuza. Sindikudziwa chifukwa chake ndinauza Wailesi, munthu amene wodi yonse imadziwa ndi ngongole za mlamu wake zomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye munkathira madzi pa nyumba yoti sikupsa."

"Ndinkaona ngati ikupsa."

"Safunsa anadya phula. Nanga mawa akakupatsani enawo, n'kukanika, mudzagawanso nsalu za eni ake pamsewu, kiyiyo mudzamusunga ndinu?"

Ndati mwina enawo agwira. Ati mwina. Ndati mwina ndikanena andikalipira n'kundilanda onse. Ati mwinanso. Sanandithandize kwenikweni. Koma tsiku lonse sanauze munthu, ndipo ndinaona kuti zikumuwawa ngati chithupsa.

Ndayesa kuziika bwinobwino. Ndikakhala chete, kabotolo kakhala kanga koma mkati mwake mukhala mankhwala achilendo. Ndikanena, lithiyamu abwerera koma m'bokosi la zida. Ndawerenga kasanu, sizikusintha.

Lachinayi, pa 13

Ndanena.

Anabwera atatu, wamkulu, wa magalasi, ndi dokotala wa maganizo. Amuna anga anaima kumiyendo kwa bedi atagwira chipewa. Wamkulu anatulutsa cholembera. Wailesi anatsokomola, chifuwa chabodza.

Ndati, "Adokotala, sanali awiri."

Ndinafotokoza zonse, za atatu, za anayi, za chitini cha mabatani, za msoko. Mawu anga osasawa ankamveka ngati a munthu wina. Wamkulu anaika cholembera pansi n'kupukuta kumaso. Ndinadikira kukalipiridwa. Iye anati, "Mayi, mwatipulumutsa ku kulakwitsa. Tikanakuchotserani mankhwala okuyanjani chifukwa cha mlandu umene sanapalamule." Kenako anandiuza mosaseka kuti lithiyamu si ulusi. Pakati pa muyezo wochiza ndi muyezo wopha ndi pafupi kwambiri, ndipo anayi aja akanatha kundiwonongera impso kapena kundipha. Ndisadzawonjezere ndekha, ngakhale theka.

Dokotala wa maganizo anandifunsa, amuna anga atatulutsidwa panja, ngati ndinkafuna kudzivulaza. Ndati ayi, ndinkafuna kuchira msanga anthu asanaone. Anafunsa m'njira zitatu, ndinayankha chimodzimodzi. Ati wamva.

Zimene agwirizana: lithiyamu ayambiranso mawa, limodzi madzulo. Pakatha sabata ayeza magazi m'mawa, aone ngati n'koyenera kubwerera pa awiri. Thairokisini tsiku lililonse. Chithokomiro adzayezanso pakatha masabata asanu ndi limodzi, kenako miyezi ingapo iliyonse. Otsala a m'chitini abwere nawo kuno.

Ndafunsa kuti mankhwala amene anawononga pakhosi mukundibwezera, n'kuwonjezera ena okonza zimene akuwononga, si chigamba pa chigamba chimenecho? Wa magalasi anati, "Inu diresi lokukhalani bwino mumalitaya chifukwa labooka pamodzi?" Ndati zimatengera pabookapo. Anaseka. Ine sindinkaseka.

Amuna anga atalowanso sanakhale pansi. Anati, "Ndinalumbira pamaso pa anthu." Ndati pepani, bambo. Anati, "Miyezi isanu mukuzizidwa m'nyumba mwanga, ine n'kumati ndi ukalamba." Anaika malalanje pa kabati n'kupita.

Lachisanu, pa 14

Sanabwere. Lithiyamu limodzi, 6 koloko madzulo. Madzi makapu asanu ndi atatu.

Loweruka, pa 15

Sanabwerenso. Kwabwera mwana wanga ndi mpunga wa nyemba, ndi chitini cha mabatani. Anesi anasankha mapiritsi pakati pa mabatani n'kupita nawo. Ndamufunsa mwanayo kuti bambo ako ali kuti. Ati ali kushopu kuyambira dzulo, akukhoma kabokosi, salola munthu kukaona.

Kabokosi. Ndiye kuti bokosi la zida laperewera, akupanga lakelake la ine.

Ndamufunsa ngati anawaona akugula loko. Ati sakudziwa, amayi idyani. Ndafunsa ngati kabokosiko n'kakakulu. Ati amayi, idyani.

Wailesi atuluka mawa. Wandisiyira kapu yake ya pulasitiki ndi mabisiketi atatu, ati ine shuga ndilibe, ndimudyere.

Lamulungu, pa 16

Ndavula juzi masana. Anesi ati kakang'ono kaja sikagwira msanga choncho, pamatenga masabata. Kaya ndi iko, kaya ndi dzuwa. Pabedi 8 agonekapo gogo wosalankhula. Wodi yakula.

Ndakonza zonena loko akabwera. Ndinena kuti chabwino, ndinalakwa ndine. Ndipempha chinthu chimodzi chokha, kuti zotsegula pakamwa zija zisabwerere.

Lachiwiri, pa 18

Dzulo sindinalembe, ndinalibe cholemba. Lero ati nditha kupita kunyumba, Lachisanu ndidzabwere m'mawa kudzayezetsa magazi.

Amuna anga anafika ndikupinda zovala. Anali ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anakaika pabedi.

"Tsegulani, atelala."

Kabokosi ka thabwa loyera, kotalika ngati dzanja langa kuchokera pachigongono, kosalala, konunkhira vanishi. Chivundikiro chake n'chokoka cham'mbali. Mkati muli tizipinda, mizere iwiri, uliwonse tizipinda tisanu ndi tiwiri. Pa mzere wapamwamba awotchapo kadzuwa ndi msomali wamoto, pa wapansi kamwezi.

"Kumtunda kakang'ono ka m'mawa, kumunsi lithiyamu. Sabata yathunthu. Tizipinda ta kumunsi ndayeza ndi mapiritsi enieni, mumalowa awiri basi. Piritsi lachitatu likalowa, chivundikiro sichitseka."

Ndinakatembenuza. Ndinayang'ana kutsogolo, kumbuyo, pansi. Ndinayendetsa chala m'mbali monse kufuna kachitsulo kokolekapo loko, kapena timabowo ta misomali pamene adzakakhomere.

"Mukufuna chiyani?"

"Pokhomera."

"Palibe."

"Mudzaika kunyumba?"

"Mayi, loko uja ndi amene anakutsekani pakamwa miyezi isanu. Ndikhomenso wina?" Anakanda m'mutu, utuchi unagwera pa bulangete la chipatala. "Kazikhala pa makina anu. Muzidzaza nokha Lamulungu. Ine ntchito yanga ikhala yofunsa ngati mukuzizidwa. Ndipo mukati muli bwino ndizibwereranso kudzagwedeza, ngati chitseko chakuseri."

Ndinakoka chivundikiro, n'kutseka, n'kukokanso. Ndati chikulimba pang'ono pakona apa, nanga nyengo ya mvula thabwa likafufuma chidzatseguka? Ati adzapala. Ndati nanga dokotala akanena kuti ndikhale pa limodzi, malo otsalawo? Ati mudzaikemo batani.

Anesi abwera kudzatenga kope lawo kuti aone za madzi. Ndang'amba masamba a madziwo ndawapatsa, enawa ndikupita nawo. Amisiri anyamula chikwama ndi bulangete. Anatambasula dzanja kuti anyamulenso kabokosi, kenako analibweza m'thumba.

Kabokosi ndanyamula ndekha.